Zaka za mwala wa m'munda mwa apongozi

Ndinakwatira m'mudzi wa kuseri kwa phiri, kutali ndithu ndi mishoni ya Fonte Boa, ndipo ndinkakhala kumeneko monga mkamwini. Anthu ankandilemekeza chifukwa ndinali mphunzitsi pa kashikola ka udzu kamene ansembe anatsegula pamudzipo. Koma ulemu wa mkamwini uli ngati wa khasu lobwereka. Amalisamala bwino, koma aliyense amadziwa kuti tsiku lina likhoza kubwerera kwawo.

Apongozi anga aakazi ndinali ndisanawaone nkhope bwinobwino. Mwambo unali woti mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana ndipo salankhulana. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire mpaka mnzake adutse. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Chimene ndinkadziwa cha iwo chinali msana wawo ndi chifuwa chawo cha fodya.

Munda wawo unali wabwino, wa chimanga ndi nyemba, koma pakati pake panadutsa mzere wa miyala yakuda. Mzerewo unali wowongoka ngati wina anachita kutambasula chingwe. Unkatsikira kudambo n'kukatulukira tsidya linalo, pathanthwe lodyetserapo mbuzi. Amayi ankatengako mphero, koma makasu ambiri anathera mano pamenepo. Mbali imene anandipatsa ine kuti ndizilima inali yomweyo ya miyalayo, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Chaka china, ufulu usanabwere, nthawi ya chilimwe titakolola kale, kunabwera galimoto ya jipe. Ndinali m'kati mophunzitsa pamene sipayo, msilikali wa ku posito ya boma, anaima pakhomo osaodira n'komwe.

"Apurofesolo, balalitsani anawa. Mzungu akufuna pakamwa pomumasulira."

Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ndinabalalitsa ana n'kumutsatira.

Mzunguyo ndinamupeza m'munda mwa apongozi, atagwada pa miyala yakuda ija. Anali wamfupi, wopsa ndi dzuwa, atavala kabudula, ali ndi kanyundo m'manja. Anagumula kachidutswa, n'kukanyambita, kenako n'kukayang'ana ndi kagalasi. Anthu amene anaima chapatali anayang'anana. Ine ndinali nditaona azungu ansembe, azungu a msonkho ndi azungu a masitolo, koma wonyambita miyala ndinali ndisanamuone.

Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti akufuna kudziwa zaka za mwalawo.

Ndinamupempha kuti abwereze. Chipwitikizi changa chinali cha kwa ansembe, cholimba pa mapemphero ndi pa masamu, ndipo ndinaganiza kuti makutu andinamiza. Anabwereza zomwezo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, akujambula ndi chala pafumbi.

Anati kalekale, anthu kulibe, maiko onse anali chinthu chimodzi chogwirana. Pansi penipeni pa dziko panachokera kutentha kwakukulu kumene kunakwera pang'onopang'ono ngati utsi tsiku lopanda mphepo. Kutenthako kunatupitsa nthaka mpaka inang'ambika, ndipo zidutswa zake zinayamba kutalikirana, madzi a m'nyanja n'kulowa pakati. M'ming'alu imene inatsala munalowa mwala wosungunuka ngati phala, n'kuuma momwemo. Mzere wakuda uja, anatero, ndi mng'alu umodzi wotere. Akadziwa zaka zake, adziwa nthawi imene dziko linayamba kung'ambika.

"Nanga zakazo mudziwa bwanji?" ndinafunsa.

Anati m'kati mwa mwala muli kanthu kamene kamasanduka mpweya pang'onopang'ono, ndipo mpweyawo umatsekeredwa momwemo kuyambira tsiku limene mwalawo unazizira. Kwawo kuli makina oyeza mpweyawo. Ukachuluka ndiye kuti mwala ndi wakalekale.

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Zoona zake, mutu unali utaima.

Atsibweni a mkazi wanga, amene anali mwini mbumba, anasendera pafupi. "Akuti chiyani, aphunzitsi?"

"Akuti akufuna kudziwa zaka za mwalawu."

Atsibweni anayang'ana mwala, n'kuyang'ana mzungu, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali kuposa enawo.

"Mufunseni ngati akufunanso dzina la bambo wake."

Zimenezo sindinamasulire.

Mzungu anayamba kumenya mwala waukulu wa pakati pa munda. Ankangogumula khungu lofiirira lakunja, ndipo chilichonse chogumukacho ankachitaya. Anati khungulo linavunda ndi mvula ndi dzuwa, iye akufuna mtima wa mwala. Anamenya mpaka mpini wa nyundo unathyoka. Anatukwana mawu amene ansembe sanatiphunzitse. Kenako anatenga tinta, utoto wofiira, n'kulemba mtanda pamwalapo. Anati akupita cha ku Kalomwe kukaona miyala ina, ndipo pobwerera adzera pomwepo. Anapempha kuti amuna a pamudzi amuswere mwalawo kuti adzapeze zidutswa za m'kati.

Sipayo anathirapo ndemanga yake m'chinyanja. "Mwamva? Akapeza simunaswe, mukafotokoza ku posito. Mbalamatodya ilipo, sinathyoke ngati kanyundoka."

Aliyense ankaidziwa mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja, ngakhale amene inali isanawalawe.

Dzuwa litapendeka anandiitana kwa apongozi. Ndinakhala pansi pafupi ndi khola la nkhuku. Iwo anakhala kuseri kwa nkhokwe, ine n'kumangoona nsonga ya chitenje chawo. Mkazi wanga anakhala pakati, pamalo poti onse tizimuona. Mawu a apongozi ndinkawamva bwinobwino, iwonso anga ankawamva, komabe mkazi wanga ankabwereza chilichonse, poti mwambo umatero.

Ndinafotokoza za phala, za utsi ndi za ming'alu. M'kamwa mwanga zinkamveka zopusa kuposa m'kamwa mwa mzungu. Zikamatuluka m'kamwa mwa mkazi wanga zinkamveka ngati za munthu amene wachokera kumowa.

"Afunse," anatero apongozi, "dzikolo litang'ambika, chidutswa chinacho chili kuti?"

"Akufunsa kuti chidutswa chinacho chili kuti."

"Akuti chinapita kutsidya la nyanja yamchere," ndinayankha.

"Akuti chinapita kutsidya la nyanja yamchere."

"Ndiye kuti anayamba kalekale kutenga," anatero apongozi.

Ndinayesa kunena kuti palibe amene anatenga, chinangoyenda chokha. Ndisanamalize ndinadzimva ndekha mmene zinkamvekera, ndipo ndinatseka pakamwa.

Kenako apongozi analankhula nthawi yaitali. Anati iwo sanapite ku shikola, koma akudziwa chinthu chimodzi: boma silifunsa zaka za chinthu chimene silikuchifuna. Mwana wawo wamwamuna a boma anamufunsa zaka. Atalephera kuyankha anamukwezetsa mkono, n'kumuyang'ana m'khwapa, n'kunena kuti wakula. Mwezi womwewo anamutengera ku chibalo, ntchito yokakamiza ija, ndipo anabwerako ali ndi chifuwa chimene chinamupha. Wogula mbuzi amayamba wayang'ana mano. Lero afunsa zaka za mwala, alembapo mtanda wofiira, ndiye ena akuti ndi nkhani ya phala.

"Uwauze amuna akowo," anatero, "kuti mwala umodzi wa m'munda mwanga ukakwera galimoto ija, munda wapita. Munda ukapita, amene anali pakamwa pa mzungu atsatire munda."

Mkazi wanga anabwereza mawuwo limodzilimodzi, osachotsapo kapena kufewetsa. Maso ake anali pansi.

Atsibweni, amene ankamvera ali chiimire, anati, "Koma kuswa tiswa, achemwali. Ine manja anga ndikuwafunabe."

Apa ndiye ndinagwira njakata. Tikapanda kuswa, wopita ku posito woyamba ndine, poti ndine ndinamva lamulo m'chipwitikizi. Tikaswa, mzungu anyamula miyala yake, ine ndinyamula mphasa yanga. Ndinali ndi mantha, komanso ndinali wokwiya. Mzunguyo sindinamuitane ine. Ndinangobadwa ndi tsoka lodziwa chinenero chake.

Tili awiri m'nyumba ndinafunsa mkazi wanga, "Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndanena zimene amayi anena."

"Zimenezo ndamva. Ndikufunsa za iweyo."

"Madzi atha mumtsuko," anatero, n'kutuluka.

Chimenechi n'chimene chinandipweteka kuposa zonse. Tinali ndi mwana wakhanda, ndipo kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ndikanachoka ndekha ndi mabuku anga. Ndinkamuyang'ana mkazi wanga akusinja, akuyamwitsa, akuseka ndi anzake kuchitsime, osadziwa ngati mumtima mwake anali atandiperekeza kale.

Lamulungu ndinapalasa njinga mpaka ku Fonte Boa. Misa itatha ndinafunsa wansembe wina wokalamba amene anandiphunzitsa. Ndinati ana ndimawaphunzitsa kuti Mulungu analekanitsa mtunda ndi madzi pa tsiku lake, nanga izi za dziko long'ambika ndi mwala wa zaka zosawerengeka zikuchokera kuti? Anaseka, n'kunena kuti Mulungu sanatiuze kutalika kwa tsiku lake, ndipo ana ndizingowaphunzitsa zimene zili m'buku. Nditafunsa za munda, kuseka kunatha. Anati za minda masiku ano palibe amene angalonjeze mnzake. Ndinabwerera ndili ndi mafunso ambiri kuposa amene ndinapita nawo.

Tsono mwala wakuda uja suswedwa ndi nyundo. Aliyense wa kumapiri kuno amadziwa zimenezo, ngakhale mwana. Ukafuna mphero, kapena ukafuna kuchotsa mwala pamalo omangapo nyumba, umausonkhera moto. Ukapsa mpaka m'kati, umauthira madzi ozizira, ndipo umasweka wokha. Palibe amene anakhala pansi kuti asankhe njira imeneyi. Munthu akakuuza kuti umutungire madzi sufunsa ngati utenge mtsuko.

Atsibweni anaitana amuna, amayi anafulula mowa wa dima. Tinaunjika nkhuni, mapesi, zitsononkho ndi ndowe zouma pamwamba pa mwala wa mtanda uja. Ntchito yolemera ndi ya mkamwini, choncho zipika zikuluzikulu ndinasenza ndine. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Ndinkasenza nkhuni za moto umene unkandisamutsa ndekha, ndipo mkwiyo unandipatsa mphamvu zachilendo. Ena atanena kuti zakwana, ine ndinati ayi, onjezani, upse bwino. Ndinkafuna kuti ngati ndichoke, asadzanene kuti mphunzitsi anali waulesi.

Moto unayaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Titakokera makala pambali, amayi anabwera ndi mitsuko kuchokera kudambo, n'kukhuthula onse pamodzi. Nthunzi inati tolo, mwala unalira ngati mfuti, ana n'kuthawa. Nthunzi itatha tinaona kuti wasweka pakati, ndi zidutswa zina pambali. M'kati unali wakuda bii, wonyezimira pang'ono. Ngakhale ine ndinaima n'kuuyang'ana. Ndinaganiza kuti ngati mzungu uja sananame, ndife oyamba kuona m'katimo chiyambire.

Tinasankha zidutswa zokongola, tinazitsuka mwaye, n'kuziyala pamphasa pansi pa mtengo. Atsibweni anati mlendo ndi mame, timupatse zambiri kuti asachedwe kukamuka.

Jipe inabwera patapita masiku angapo, chakumasana. Mudzi wonse unatsikira kumunda. Apongozi anaima patali, atatembenukira kumbali, koma ndinkadziwa kuti akuona zonse. Mzungu anatsika akumwetulira, atanyamula chinyundo chachikulu chimene anagula ku Ulongwe. Anaona mphasa ndi miyala, kumwetulira kunakula. Kenako anaona phulusa.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamwala. Anagwira phulusa, n'kulinunkhiza. Anatola chidutswa chimodzi, n'kuchitembenuza. Sananyambite. Anakhala pansi m'phulusa momwemo, n'kugwira mutu ndi manja awiri.

"Mwauwotcha," anatero.

Ndinavomera monyadira ndithu. Ndinati tinauwotcha tsiku lonse, ndipo unapsa mpaka mumtima.

Anandiyang'ana ngati munthu amene wauzidwa za maliro. Anati moto umatsegula mwala, ndipo mpweya uja, umene unasungika m'katimo kuyambira pachiyambi, wathawa. Akapita nawo ku makina, mwalawo ukanama. Ukanena kuti ndi mwana.

Atsibweni anandikoka malaya. "Akulira chiyani?"

"Akuti tachotsa zaka za mwala."

"Tazichotsa bwanji?"

"Zatuluka ndi utsi."

"Ndiye mwalawu tsopano ndi wamng'ono kwa ine?"

"Akutero."

Atsibweni anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Pamene iwo anasochera ndi pomwe inenso ndinasochera.

Sipayo ndiye anamva mwamtundu wake. Masiku amenewo kunkamveka mphekesera za nkhondo kumadzulo, ndipo chilichonse cholakwika ankachiona ngati chiwembu. Anandigwira padzanja mwamphamvu.

"Mwachita dala. Iwe purofesolo, iwe ndiwe unamva zonse. Tiye ukalongosole kwa shefu wa ku posito."

Ndinayang'ana kumene kunali mkazi wanga. Anali ataima ndi mwana kumbuyo, dzanja lili pakamwa.

Atsibweni anati, "Aphunzitsi, musanapite, tamufunsani mzunguyu. Kwawoko mwala amaswa ndi chiyani?"

Ndinamasulira. Mzungu anakweza mutu. Anayang'ana atsibweni, anayang'ana mphasa ndi miyala yotsukidwa bwino ija, kenako anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Anauza sipayo kuti andisiye. Anati iye sananene kanthu za moto, chifukwa sizinamubwerere m'mutu kuti munthu angawotche mwala. Sipayo anandisiya monyinyirika ngati galu amene amulanda fupa.

Mzungu anafunsa ngati mzere wakudawo ukuonekanso pena. Tinamulozera tsidya la dambo, pathanthwe la mbuzi, pamalo opanda mwini. Anapita yekha ndi chinyundo chake, ife tikutsatira chapatali. Anamenya mpaka malaya ananyowa, akupuma, akumenyanso. Palibe amene anayerekeza kumuthandiza. Pamapeto pake anagumula zidutswa zingapo zakuda, anazilemba ndi tinta, n'kuziika m'timatumba.

Akukwera jipe ndinalimba mtima. Ndinamufunsa ngati boma lidzatenge munda uja.

"Munda?" anatero. "Ndichite nawo chiyani munda?"

Nkhope yake inali yodabwa zenizeni, monga mmene yanga inalili tsiku limene anandifunsa zaka za mwala. Sindinadziwe ngati ndimukhulupirire. Mwina iye sankaufuna, koma amene anamutuma sindinkawadziwa. Ndinamufunsanso kuti nanga mwala wathu uja tsopano uli ndi zaka zingati.

"Wanuwo wabadwa sabata yatha," anatero, n'kuliza galimoto.

Sanabwerenso, ndipo zaka za mwala wa pathanthwe sindinazimve mpaka lero. Miyala yathu inatsala pamphasa, palibe ndi umodzi womwe umene unakwera jipe.

Fumbi lisanathe, amayi ena anayamba kululuta. Ndinadabwa, poti ine ndinkaona kuti tangopulumuka pakamwa pa ng'ona chifukwa cha umbuli wathu. Koma nkhani inali itayamba kale kuyenda mwina. Wina anakumbutsa anzake kuti wosenza zipika zikuluzikulu anali mphunzitsi. Wina anati inde, ndipo ife titati zakwana, iye anati onjezani. Pofika kumudzi, zinali zodziwika kwa aliyense kuti ine ndinamva chinsinsi cha mzungu m'chinenero chake, ndinakhala chete, n'kupha mankhwala akewo ndi moto. Ngakhale atsibweni, amene anayatsa motowo ndi dzanja lawo, ankandiyang'ana ndi ulemu watsopano.

Anandiitananso ku nkhokwe kuja. Apongozi anati, "Uwauze kuti ndaona. Uwauze kuti nkhuku yoyera ija ndi yawo."

Mkazi wanga anabwereza. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu. Ndinkayamikiridwa pa nzeru imene ndinalibe, ndipo masiku apitawo ndinkathamangitsidwa pa mlandu umene sindinapalamule. Zonse ziwiri zinandipeza ndili chikhalire pafupi ndi khola la nkhuku.

Titalowa m'nyumba, dzuwa lisanalowe, ndinafuna kusintha malaya onunkha thukuta la mantha aja. Pachingwe pamene ndinkapachika zovala panalibe kanthu. Mabuku anga pawindo panalibe.

"Zovala zanga zili kuti?"

Mkazi wanga anatsitsa mwana, n'kumugoneka pamphasa. "Munkadziwadi za motowo?"

"Ayi. Mpaka pano sindikumvetsa."

"Ndinadziwa kuti simunkadziwa. Koma musadzanene zimenezo kwa amayi."

Anapita kuseri kwa chitseko n'kukoka mtolo womangidwa ndi chitenje. Anauika patsogolo panga. Munali malaya anga, mabuku, lezala ndi kolona. Anali ataumanga m'mawa womwewo, jipe isanafike. Mtima unandipweteka kwambiri, moti sindinathe kumuyang'ana. Ndinaganiza kuti yankho limene anandimana tsiku lija ndi limeneli.

Ndikumasula mfundo, ndinamva akukokanso china. Unali mtolo wachiwiri, waukulu kuposa wanga. Pamwamba pankaoneka zitenje zake, kampoto, ndi tizovala ta mwana.

"Uwu ndi wa yani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkaona.

"Kwanuko mukanakaphika nokha?" anatero.

Mkazi wa kuno sasiya mudzi wa amayi ake, munda wake ndi manda a makolo ake kutsatira mkamwini wothamangitsidwa. Iye anali atakonzeka kutero, osandiuza, osauzanso amayi ake. Ndinakhala pansi pakati pa mitolo iwiriyo n'kulira ngati mwana. Iye anandisiya ndilire, n'kuyamba kupachika zovala pachingwe, zake ndi zanga.